Fodya Womangidwa Chamanzere

Ana anga, mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chimene abambo anu aakulu, achimwene anga a Lefani a ku Dowa, anasiyira kugona pakhomo pathu ku Area 25. Mayi anu amakuyankhani kuti ndi ukalamba. Ukalamba wake uti? Munthu amene mpaka lero amapalasa njinga kukafika ku Mponela angalephere kukwera minibasi? Mayi anu amangondiphimba, monga achitira zaka zonsezi. Tsopano ndinapuma ntchito, palibenso bwana woti andiitanire mu ofesi n'kutseka chitseko, ndiye ndilemba mmene zinayendera. Mundiweruze nokha, koma muyambe mwawerenga mpaka kumapeto.

1981: Limbe

Za ubwana wanga ndinena chimodzi chokha, chifukwa popanda icho nkhaniyi simungaimve. Agogo anu aamuna anali amanzere. Fodya wa bale akauma m'chigafa, mlimi amasankha masamba ofanana n'kuwamanga timitolo, pokulunga kutsinde kwake ndi tsamba lina. Anthu onse amakulunga molowera kumanja. Agogo anu ankakulunga molowera kumanzere, n'kusomeka nsonga kawiri, kusiya kamchira ngati ka mbewa. Ife ana tinaphunzira pa iwo, ndipo ngakhale timadyera dzanja lamanja, fodya tonse tinkamanga chamanzere. Atamwalira ine ndili Sitandade 7, achimwene anasiya sukulu n'kutenga khasu ndi chigafa. Fizi yanga yonse ya ku sekondale inachokera m'timitolo tomangidwa chamanzere timeneto.

Ntchito ndinayambira ku Limbe, m'bungwe la boma loyang'anira malonda a fodya. Ndinali wonyamula matikiti, kuthamanga uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira. Amene anandikoka pamenepo anali Che Amidu, mkulu wina wa ku Mangochi amene ankaika magiredi pa mabelo. Tsiku lina anandipeza ndikupapasa tsamba mobisa, n'kundifunsa kuti ndi giredi yanji. Nditawayankha anangoti, "Iwe, mawa usanyamulenso matikiti. Uziyenda pambuyo panga." Ndiwo anandiphunzitsa kuti maso amanama, mphuno imanama pang'ono, koma chala sichinama. Ankati, "Mwananga, cholembera chako ndi sikelo. Mlimi sangakangane ndi mzungu wogula, Chingerezi chake alibe. Amene amamuyankhulira ndiwe." Ndinali ndi mnzanga wina wogwira ntchito ku okushoni ya tiyi komweko ku Limbe, kumene ankagulitsa atakhala pamipando, atavala mataye, tiyi ali m'timapaketi, mlimi osaoneka n'komwe. Ndinkamuseka kuti, "Inu mumagulitsa mapepala. Kwathu mwini fodya amaima pomwepo n'kumakuyang'ana m'maso." Ndinkanena zimenezo monyadira, uchitsiru wa unyamata.

2001: Kanengo

Nditazungulira ku Limbe ndi ku Mzuzu, ananditumiza ku okushoni ya ku Kanengo ngati mmodzi wa akuluakulu oika magiredi. Tinafikira m'kanyumba ka lendi ku Kawale, kenako tinasamukira ku Area 25 kuti ndiziyenda wapansi popita kuntchito. Inu aakulu mukukumbukira mmene zovala zanga zinkanunkhira, mpaka anzanu ankakutchulani ana a bambo Fodya. Kuntchito zinthu zinkasowa zosayenera kusowa. Bungwe lopatsa dziko ndalama zakunja, koma zolembera tinkagula tokha pamsika wa Kaliyeka! Magetsi akathima tinkasankha fodya mumdima wa m'shedi, pomwe mtundu wa tsamba umafuna kuwala. Zotchingira fumbi kumphuno tinalonjezedwa chaka ndi chaka, ndipo chifuwa ndikukhosomolachi ndicho chinabwera m'malo mwake.

Malonda ankayenda chonchi. Mabelo amaikidwa m'mizere italiitali, atatsegulidwa. Ife timayamba kudutsa, kusolola kamtolo, kukapapasa, n'kulemba giredi pa tikiti ya belo, kuyambira yoyamba, ya fodya wabwino kwambiri, mpaka yachisanu. Pa tikitipo sipakhala dzina la mlimi, pamangokhala nambala, kuti tisakondere. Pambuyo pathu pamabwera wokuwa mitengo ndi gulu la ogula, akuyenda osaima, ndipo ntchito ya munthu ya chaka chathunthu imatha m'kanthawi kongomeza malovu. Mlimi akapanda kukondwa ndi mtengo ali ndi ufulu wong'amba tikiti, belo n'kubwerera kukadikira tsiku lina. Ogula nawo akapanda kulifuna amangolidutsa, n'kubwereranso chimodzimodzi.

Mu 2004 tinalandira bwana watsopano, a Kachingwe. Anali munthu wophunzira, wa madigiri, woyankhula mofatsa, koma tsamba la fodya sanaligwirepo chibadwire. Akalowa m'shedi ankatseka mphuno ndi mpango. Sindikunena kuti anali woipa mtima kuposa ena. Anali munthu woopa foni. Foni ikalira kuchokera kumtunda, nkhope yawo inkachita ngati ya mwana amene waswa mbale.

2006: mitengo ya boma

Chaka chimenecho boma linalengeza kuti giredi iliyonse ikhala ndi mtengo wake woyambira, ndipo wogula asatsike pansi pa mtengowo. Eee, ndinasangalala ine! Ndinauza mayi anu kuti tsopano cholembera changa chapeza mano. Ndikalemba giredi yoyamba, wogula alipira mtengo wa giredi yoyamba, afune asafune. Alimi anavina m'midzi atamva pa wailesi. Koma ogula sanakangane ndi munthu. Msika utatsegulidwa ankangoyenda manja ali kumbuyo, kudutsa belo lililonse limene linali ndi giredi yapamwamba. Mizere yathunthu inkabwerera. Alimi anayamba kukuwa, malonda n'kuimitsidwa, kutsegulidwa, kuimitsidwanso. Malole anandandalika kunja kwa mpanda, oyendetsa akuphika pansi pa magalimoto awo masabata angapo.

Mmawa wina a Kachingwe anatiitana tonse oika magiredi, n'kutseka chitseko.

"Abambo," anatero, "kumtunda akufuna zinthu ziwiri. Akufuna msika uziyenda, ndipo akufuna mitengo ya boma izitsatidwa. Ogula nawo akuti mtengo wa giredi yoyamba sangaukwanitse. Ndiye tithandizane. Fodya amene mukumuona ngati woyamba, muzimuonanso kachiwiri. Mwina ndi wachitatu."

Ine ndinati, "Bwana, mukutiuza kuti tizinama?"

"A Mbewe, ndani wanena za kunama? Giredi ndi maganizo a munthu. Inu mukalemba yachitatu, wogula alipira mtengo wa boma wa yachitatu, lamulo latsatidwa, mlimi wapita kwawo ndi kangachepe. Mukalemba yoyamba, belo libwerera, mlimi agona panja. Mwamuthandiza ndi chiyani? Komanso inu mwatsala ndi zaka zingati kuti mupume?"

"Ziwiri ndi theka, bwana."

"Ndiye muziyenda bwino. Pomaliza mpomwe pamaterera."

Palibe chimene analemba papepala. Zoterezi sizilembedwa. Ndinatuluka mu ofesimo ndikutukwana chamumtima, koma mawa lake ndinatenga cholembera changa n'kuyamba kuona fodya kachiwiri. Ndikunena poyera kuti mudziwe: kuyambira Epulo mpaka Juni ndinatsitsa magiredi a mabelo osawerengeka. Chala chinkandiuza zoona, dzanja lomwelo n'kulemba bodza. Msika unayenda, wailesi inalengeza kuti ogula akulemekeza mitengo ya boma, ndipo a Kachingwe anasiya kunjenjemera foni ikalira. Njovu zinagwirizana, koma udzu unapondedwabe. Ndinkadzitonthoza kuti pa tikiti palibe dzina, ndi nambala chabe, ndipo nambala ilibe ana.

Juni 2006

Achimwene anafika Loweruka masana, atanyamula thumba la mtedza ndi nkhuku yamoyo ya mayi anu. Anali osangalala ngati mkwati. Mabelo awo asanu ndi anayi anali atalowa kale mumpanda, ndipo anabwera kudzaona okha akugulitsidwa. Mwana wawo wamkazi Tiyamike, amene inu mumamudziwa, anali Folomu 3 kusukulu yogonera komweko, ndipo anali atabwezedwa kunyumba kudikira fizi. Mwana ameneyo anali ndi mutu, ana anga, kuposa ena a inu, musakwiye. Ankafuna unamwino.

"Gelesomu," anatero achimwene titakhala pakhonde, "chaka chino ndalima fodya. Sindikunena zocheza. Tsamba lake ukaligwira umachita ngati wagwira nsalu yatsopano. Ndi mitengo ya bomayi, Tiyamike abwerera kusukulu sabata yamawa, ndipo Folomu 4 yonse ndalipiriratu."

Ndinangoti, "Zikomo, achimwene." Mayi anu anandiyang'ana, chifukwa iwo ankadziwa zimene zinkachitika ku Kanengo. Nambala yawo ya ulimi sindinaifunse, nawonso sanandiuze. Chinali chizolowezi chathu kuyambira kale, poti lamulo la ntchito silinkalola kusankha fodya wa mbale wako ukudziwa. Ndinapemphera kuti mabelowo agwere mumzere wa mnzanga wina.

Lachiwiri mmawa, pakati pa mzere wachinayi, ndinapisa dzanja m'belo n'kusolola kamtolo. Ndisanayang'ane n'komwe, chala chinakhudza kamchira kaja. Kukulunga kwa kumanzere, nsonga yosomeka kawiri. Ndinasolola kena pansi, kenanso m'mbali, tonse chimodzimodzi. Ndipo achimwene sananame. Pa zaka zanga zonse ndagwira fodya wotere kosapitirira kakhumi. Tsamba lalitali, lofewa, lofiirira bwino, lopanda banga, losankhidwa mwaulemu moti timitolo tonse tinali ngati ana amapasa. Nditadzutsa mutu ndinawaona achimwene ataima kutali kumene amaima alimi, atavala jekete lawo la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Sanandikodole. Anangoyang'ana.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene woika giredi amaimira. Ndikanatha kuitana mnzanga kuti andigwirire mzerewo, koma ndinkadziwa chimene iye akanalemba. Ndikanatha kulemba yachitatu monga ndinkachitira tsiku ndi tsiku, koma dzanja linakana. Munthu amene anasiya sukulu kuti ine ndiphunzire kulemba, ndimulembere bodza ndi kulemba komweko? Ndinalemba giredi yoyamba pa mabelo onse asanu ndi anayi, n'kusaina ndi zilembo zazikulu. Kunena zoona ndinamva kukoma. Ndinadziona ngati Che Amidu.

A Kachingwe anadutsa akuyendera mizere, mpango uli pamphuno. Anawerama pa tikiti, n'kuweramanso pa ina.

"A Mbewe, magalasi mwaiwala kunyumba?"

"Ndavala, bwana. Fodya uyu ndi woyamba. Itanani aliyense adzagwire."

"Ine sindikutsutsa," anatero mofatsa. "Mwalemba, mwalemba."

Ogula anafika. Wotsogolera anali mzungu wina wamtali amene tinkamutchula kuti Chipewa. Anasolola kamtolo, n'kukanunkhiza, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti wakakonda. Kenako anayang'ana tikiti, anayang'ana ine, n'kumwetulira. Anaponya kamtoloko pabelo n'kupitirira, anzake onse pambuyo pake ngati abakha. Mabelo asanu ndi anayi, palibe ndi mmodzi yemwe amene anakweza chala.

Madzulo ake achimwene sanadandaule. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Ndinaona tikiti. Walemba zoona, mng'ono wanga. Akana lero, adzagula ulendo winawo. Fodya wabwino sasowa mwini." Ine ndinadziwa kuti sizikhala choncho, koma ndinakhala chete. Pa zolakwa zanga zonse, kukhala chete kwa tsiku limenelo ndi kumene kumandiwawa kwambiri.

Julayi 2006

Belo lobwerera silibwereranso mawa lake. Limakaima kumbuyo kwa mzere wa anzake, masabata awiri kapena atatu. Achimwene anakhala kwathu nthawi yonseyo, akugona pabalaza, mmawa uliwonse kuyenda nane mpaka pachipata cha ku Kanengo n'kukhala panja ndi alimi anzawo. Kumudzi Tiyamike ankadikira, yunifolomu ili m'sutikesi. Ulendo wachiwiri utakwana ndinapeza kuti a Kachingwe andiika pamzere womwe unali ndi mabelowo. Nditawafunsa anati, "Munayamba nokha, malizani nokha." Ndinalembanso yoyamba. Ndikanasintha bwanji, achimwene ataona kale dzanja langa pa tikiti yoyamba ija? Chipewa ulendo uno sananunkhize n'komwe.

Tsiku lomwelo ndi limene zinaululika. Mumzere womwewo munali mabelo a mayi wina wamasiye wa ku Mchinji, amene achimwene anazolowerana naye pachipata paja. Fodya wake anali wabwino, wosasiyana kwenikweni ndi wawo, ndipo ine ndinamulembera yachitatu osaganiza kawiri. Anagulidwa. Malonda atadutsa mayiyo anaitana achimwene kuti amuwerengere tikiti, poti iye sukulu sanapite. Achimwene anagwira tsamba lake, n'kuwerenga giredi, n'kuona siginecha.

Nditafika kunyumba ndinawapeza atakhala pampando panja, tiyi amene mayi anu anawapatsa atazizira m'kapu.

"Gelesomu, khala apa. Fodya wa mayi wa ku Mchinji uja unamugwira?"

"Ndinamugwira, achimwene."

"Ndi wachitatu?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe, katswiri wa boma. Ine ndi mlimi wosaphunzira. Fodya uja ndi wachitatu?"

"Ayi. Ndi woyamba, kapena wachiwiri wabwino."

"Nanga unalemberanji yachitatu?"

Ndinawafotokozera zonse, za ofesi yotseka chitseko, za foni ya kumtunda, za ogula oyenda manja kumbuyo, za penshoni yanga. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anapukusa mutu.

"Ndiye kuti chiyambire Epulo ukudula anthu khosi, ndipo utafika pa ine mpeni unaubisa. Wanga unamudziwa bwanji?"

"Kamangidwe, achimwene. Kamchira ka abambo."

Anaseka, koma kuseka kosakoma. "Ha! Ndiye wandichitira chifundo eti? Mayi uja wabedwa, koma mawa akwera basi, ana ake adya. Ine amene mng'ono wanga wandinenera zoona ndili pano mwezi wathunthu, kudya chakudya cha mlamu wanga, mwana ali pakhomo. Ukanakhala wonama kwa onse, bwenzi nditagulitsa. Ukanakhala woona kwa onse, bwenzi ndikuvutika pamodzi ndi anzanga, mutu uli m'mwamba. Koma iwe wasankha kukhala woona tsiku limodzi, pa munthu mmodzi, kuti mtima wako ukhale m'malo. Chilungamo chakocho wandisenzetsa ine."

Mayi anu anayesa kulowererapo. "Alamu, mng'ono wanuyu anachita chifukwa cha chikondi."

"Mlamu, inu musadandaule, mwandisunga bwino. Koma uyu akanandiuza tsiku loyamba lija pakhonde pano kuti msika wake ukuyenda chonchi, ndikanasankha ndekha. Fodya ndi wanga, mwana ndi wanga. Anandisankhira ndani?"

Ndinati, "Ulendo wachitatu ndilemba yachitatu, agule."

"Ulembe zimene ukufuna. Cholembera ndi chako."

Koma ulendo wachitatu ogula anali atawadziwa kale mabelowo. Ndinalemba yachitatu, bodza loyamba limene ndinalembera mbale wanga ndikudziwa. Chipewa anaima, n'kuwerenga matikiti akale amene anali atamatidwa pamenepo, n'kundiuza m'Chingerezi kuti, "Bwanji lero watsika? Mwezi watha unkati ndi woyamba." Anadutsanso. Ankafuna kuti woika giredi aliyense m'shedimo aone chimene chimachitika munthu akayesa kulimba mutu, ndipo phunzirolo analiphunzitsira pamsana pa achimwene anga.

Ogasiti 2006

Fodya si mwala, ana anga. Belo likatsegulidwa n'kusokedwa, kutsegulidwanso n'kusokedwanso, aliyense wodutsa kusololapo kamtolo n'kukaponya, limatha. Mabelo obwerera ankaunjikidwa pafupi ndi chitseko chachikulu, pamene mphepo ya mwera inkawomba tsiku lonse. Ziguduli zinang'ambika. Pamene ankabwera kachinayi, kumapeto kwa msika, ndinapisa dzanja ndipo tsamba linafumbutuka m'zala zanga ngati chimanga chofumbwa. Kufewa kuja kunatha, mtundu unazilala, theka la timitolo linali zinyenyeswazi. Kamchira kokha ndi kamene kanali kadakalipo. Ndinagwira belo loyamba mpaka lachisanu ndi chinayi, kufunafuna ngakhale limodzi loti ndilikweze, osalipeza. Ndinalemba giredi yachinayi. Ulendo umenewo sindinaname, ndipo palibe bwana amene anandiuza. Fodya anali wachinayi ndithu.

Ogula anagula msangamsanga pamtengo wa boma wa giredi yachinayi, lamulo n'kutsatidwa bwinobwino. Achimwene anayandikira, n'kuwerenga matikiti onse imodziimodzi. Alimi ena ankawauza kuti ang'ambe. Iwo anati, "Ndikang'amba abwera kachisanu ali fumbi." Anavala chipewa n'kutuluka.

Mawa lake ndinawaperekeza kukakwera basi. Ndinali nditakonza envulopu, zochepa zimene ine ndi mayi anu tinakwanitsa, kuti Tiyamike abwerere kusukulu. Anaiyang'ana osaigwira.

"Zimenezo ukapatse mayi wa ku Mchinji uja," anatero. "Ndi zake."

"Achimwene, si za inu, ndi za mwana."

"Mwana wanga sadzaphunzira ndi ndalama yotsitsira anzanga magiredi. Iwe unaphunzira ndi fodya woona. Taona mmene wathera. Nanga wophunzira ndi zakuba adzatha bwanji?"

Apa ndinene maganizo anga, poti pepalali ndi langa. Achimwene analakwa pamenepo. Mkwiyo wawo unali pa ine, koma amene analipira ndi mwana wosalakwa. Ndinatumizanso envulopuyo kudzera kwa alamu anga, akazi awo, ndipo inabwerera yosatsegula. Ife a Mbewe tili ndi khosi louma, nonse mukudziwa, ena a inu munatengera. Teremu inatha Tiyamike ali pakhomo, chaka chotsatira malo ake anapatsidwa wina, ndipo sanabwererenso.

A Kachingwe sanandipatse chilango chilichonse. Akanandilangiranji? Anangondipeza tsiku lina m'shedi n'kunena kuti, "A Mbewe, mwaona? Ine ndinkakuuzani kuti tithandize alimi." Ndinafuna kuwalavulira, koma ndinati, "Ndaona, bwana."

2007 ndi 2008

Zaka ziwiri zomalizazo ndinagwira ntchito ngati makina. Ndinkatsitsa magiredi monga anzanga onse, osafunsanso funso mumsonkhano uliwonse. Koma belo lililonse limene ndinkatsegula, chala chinkayamba chafufuza kutsinde kwa kamtolo. Ndinali nditakonzeka kuti ndikakapeza kamchira kaja ndidzanamizira kudwala m'mimba n'kusiyira mnzanga mzere. Sindinakapeze, chaka choyamba ngakhale chachiwiri. Ndinafunsa anzanga ngati anaonapo fodya womangidwa chamanzere, onse anati ayi. Ndinaganiza kuti achimwene anasiya fodya n'kuyamba soya kapena mtedza, ndipo mtima unatsikako pang'ono. Pamaliro a kumudzi tinkapatsana moni bwinobwino, kufunsana za ana, koma nkhani ya kumunda sinkatchulidwa. Amati chibale ndi fupa, sichiwola. N'zoona, sichiwola, koma fupa lopanda mnofu ndani amalikumbukira?

Nditapuma ntchito anandipatsa satifiketi yoyamikira kukhulupirika kwanga pa ntchito, ndi wotchi yapakhoma imene ili pabalazayo. A Kachingwe ndiwo anayankhula, ndipo anati ndinali chitsanzo kwa achinyamata. Iwo anakwezedwa paudindo chaka chomwecho.

Malichi 2009

Ndinapita ku Dowa ndekha, osatumiza uthenga, kuti ndikapepese monga munthu amene salinso wa boma. Nditangokhota panjira ya kwathu ndinamva fungo limene ndikanalidziwa ngakhale nditafa. Kuseri kwa nyumba kunali zigafa zitatu, osati chimodzi, zonse zodzaza. Pansi pa chigafa chapakati panali achimwene, alamu anga, ndi Tiyamike ali ndi mwana kumbuyo, onse atakhala pamphasa akusankha fodya. Tiyamike anagwada kundipatsa moni, "Mwafika, abambo aang'ono," n'kubwerera pamalo pake. Ndinakhala pachitsa n'kuyang'ana manja ake. Anatenga masamba, n'kuwalinganiza, n'kukulunga molowera kumanja, n'kusomeka nsonga kamodzi. Ndinayang'ana mulu wa timitolo umene unali pambali pa achimwene. Tonse tinali tomangidwa ngati ta munthu wina aliyense m'dziko muno.

"Achimwene," ndinatero, "simunasiye fodya?"

"Ndisiye ndidye chiyani?"

"Nanga zaka ziwirizi munkagulitsa kuti?"

"Ku Kanengo komweko. Ndinkangotumiza, osabwera." Anaitana alamu kuti abweretse kachikwama ka pulasitiki kamene amasungiramo mapepala. Anatulutsamo makope a matikiti a zaka ziwirizo n'kundiika pamwendo. Ambiri anali olembedwa ndi anzanga. Koma anayi, a chaka chomaliza, anali ndi dzanja langa ndi siginecha yanga. Giredi yachitatu.

"Ameneyo anali woyamba," anatero achimwene, "woposa uja wa chaka chija. Unamugwira, unamutsitsa, anagulidwa tsiku lomwelo. Ndinathokoza Mulungu."

Kenako ndinafunsa chinthu chopusa, poti pakamwa panasowa china. "Koma kamangidwe ka abambo, achimwene?"

Anatola masamba ena, n'kuwalinganiza pabondo. Ndinaona dzanja lawo likuyamba kulowera kumanzere mwachizolowezi, n'kuima, n'kubwerera kumanja.

"Zinanditengera mwezi wathunthu kuti dzanja lizolowere," anatero osandiyang'ana. "Ndinaphunzitsanso onse pakhomo pano, ndipo mdzukulu wangayu sadzakadziwa n'komwe. Ndinkaopa, Gelesomu. Ndinkaopa kuti ungandizindikirenso."